Tsiku Limene Yotamu Anayatsira Amake Nyali

Nkhani iyi ndi ya Yotamu, mwana wa malemu Nangondo. Wofuna kuiseka adikire kuche, adzaseke dzuwa lili pamutu.

Kumunsi kwa phiri la Mpingwe ku Limbe kuli malo pamene phula limathera. Chakumtunda kuli nyumba zamipanda za Amwenye. Chakumunsi njira yafumbi imatsika kulowa m'tinyumba ta anthu wamba, ndipo ina imadutsa chopingasa kupita kuchigayo. Pamenepo ndiye pa mphambano. Masana mumapezapo mayi wogulitsa chinangwa ndi anyamata a kabaza akudikira okwera, basi.

Mayi Nangondo anaphikira banja lina lachihindu kumtunda kuja kuyambira Yotamu ali kumsana mpaka imvi zinawamera. Anamwalira Yotamuyo ali ku Tete ndi lole ya bwana Hasmukh, mwini nyumba ija, imene ankakwezamo ndi kutsitsa katundu. Loleyo inafera m'tchire mopanda netiweki. Pofika ku Limbe anapeza amalume ake ataika kale maliro, ati anthu ochokera kumudzi sakanakhala akugona panja chifukwa cha munthu mmodzi. Alongo ake anali atagawana zitenje ndi mapoto, ngakhale mtondo anali ataukweza minibasi. Bwana Hasmukh anatumiza dalaivala ndi thumba la shuga, iye mwini osaponda pasiwa. Yotamu anangolozeredwa mulu wa dothi lofiira ndi nkhata zofota, kuti amako ndi awa.

Sanalire pamanda paja. Anabwerera kunyumba ya amake kumunsi kwa mphambano, kumene ankakhala ndi mkazi wake Enelesi, nasiya kupereka moni kwa achibale onse. Pasanapite nthawi Enelesi anabereka mwana wamkazi, Lonjezo, mdzukulu amene Nangondo ankamudikira koma osamuona. Kuyambira pamenepo Yotamu ankafuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lapansi: amake alowe m'nyumba kamodzi, amuone mwanayo, iye awatsanzike ngati munthu.

Kutentha kwa Okutobala kutafika pachimake, mitengo itayoyoka, anamuitanitsa kumtunda. Anapeza nyumba yapakidwa penti, mukununkha mafuta ndi shuga wopsa, atsikana akujambula maluwa pakhomo ndi ufa wamitundu. Amene anamuitana anali dona wamkulu, Jasoda, mayi ake a Hasmukh, nkhalamba yobadwira mu Limbe momwemo, yolankhula Chichewa chosakhota. Anali pakatungwe pakhonde la kuseri, mawondo atatupa ngati maungu. Anamupepesa za maliro, misozi inalengeza. Yotamu anayang'ana pansi.

Kenako dona anafika pa chimene anamuitanira. Anati mawa ndi Diwali, tsiku la nyali. Kalekale mfumu yawo Rama anapirikitsidwira kunkhalango zaka khumi ndi zinayi, ndipo anabwerera kwawo usiku wopanda mwezi. Anthu a mumzinda anandanditsa tinyali tadothi m'njira monse kuti asasochere. N'chifukwa chake mpaka lero amayatsa, namasiya zitseko zotsegula kuti Lakshmi, mwini madalitso, alowe m'nyumba yosesedwa. Koma lero, anatero dona akutsitsa mawu, ndi tsiku lina. Amalitcha Kali Chaudas. Lero zimayenda ndi zopanda kwawo. Dzuwa likamalowa, mkazi wa m'nyumba amatenga tizitumbuwa tanyemba ndi chikho cha madzi, amapita pa mphambano, amazunguliza madziwo pansi, amasiya tizitumbuwato m'kati, nabwerera osalankhula, osacheuka. Mikangano yonse ya chaka, kutukwanana, kusungirana zifukwa, zimatsala m'kati mwa mzere wa madziwo.

Yotamu ankadziwa kuti amake ankapita pa mphambano chaka ndi chaka, koma chimene ankanyamula sanawafunsepo.

"Ndiye zonyansa za m'nyumba mwanu ankasenza amayi anga?"

"Tinkapita awiri, mwanangu," anatero dona. "Mawondo atandikana, iwo anati khalani, dona, njira ndikuidziwa."

"Nanga apongozi anu? Alibe miyendo?"

Dona anapukusa mutu. Anati mpongozi wake anaphunzira kunja, amati zimenezi ndi za kumidzi. Wantchito watsopano ndi wa mpingo woletsa kukhudza mbale zotere. Ndiye ankapempha kuti chaka chino mbaleyo akatule ndi Yotamu, m'malo mwa amake. Akulankhula choncho, m'chipinda cha m'kati munamveka Hasmukh ndi mkazi wake akukalipirana m'chinenero chawo, chitseko chinamenyetsedwa, kanthu kagalasi kanasweka. Dona anatsinzina.

Yotamu anatsala pang'ono kuwauza kuti akatume thumba la shuga lija. Koma maso ake anagwa pa katoni imene inali pansi pa tebulo, yodzaza ndi tinyali tadothi tonga zigoba za mazira, ndi botolo la mafuta pambali.

"Nyali zimenezi," anafunsa, "akufa amaziona?"

Dona anati kwawo kwa agogo ake ena ankatero, kuti makolo amaonera nazo njira. Kenako anamuyang'anitsitsa ngati wazindikira kanthu. Anati katoniyo atenge, popeza amake ankapatsidwako chaka chilichonse. "Koma uyatse mawa, Yotamu. Kwathu lero nyali siitulukira kunjira. Wamva?"

Iye anati wamva. Ananyamula katoni m'khwapa, mbale ya tizitumbuwa ndi chikho m'manja, natuluka pageti.

Potsika msewu maganizo ankamuyenda. Mawa kumtunda kudzakhala makombola usiku wonse, agalu kuthawira m'ngalande. Amake ankawaopa makombola, ankabisala kukhitchini atakulunga chitenje kumutu. M'phokoso lotero sangabwere. Nanga lero angakhale kuti, munthu amene sanajombepo ntchito, ngati si pa mphambano pa nthawi yake? Anaona kuti dona, monga amoyo onse, ankangoganiza za nyumba yake.

Dzuwa linali litangobisala. Magetsi anali atazima mbali yonse ya kumunsi, ndipo mpweya unali chete, wolemera ngati m'chipinda cha wodwala. Pa mphambano anyamata a kabaza panalibe. Mayi wa chinangwa ankamanga dengu mofulumira chinangwa chisanathe. Anayang'ana mbale ija, nayang'ana Yotamu, nati, "Chaka chino ndinu?" Sanadikire yankho.

Mbale inali italemera kuposa mmene anainyamulira. Yotamu anaitula pakati pa njira zinayi, nazunguliza madzi monga anauzidwira. Fumbi linawamwa pompo, kutsala mzere wakuda. Mpaka apo zonse zinali bwino, ndipo akanangotembenuka n'kumapita sipakanakhala nkhani. Koma anagwada, natsegula katoni, nathira mafuta m'kanyali koyamba. Bondo lake linafufuta mzere uja mbali ya kumunsi. Anayatsa, nayamba kutsika chafutambuyo, nkhope italoza pa mphambano, akuika kanyali pansi, kuyatsa, kubwerera, kuika kena, kuyatsa.

Atafika pa nyumba yoyamba anaona kuti tizitumbuwa tachepa m'mbale. Galu panalibe, khwangwala panalibe. Atafika pa kagolosale ka anyamata awiri apachibale anazindikira kuti malawi onse aweramira mbali imodzi, kuloza kunyumba kwake, chonsecho tsamba silinkagwedezeka pamtengo. Nkhuku za m'makola zinali zii. Chapatali, kuseri kwa kanyali koyamba, panaima winawake atasenza kanthu pamutu. Yotamu anati mwina ndi wochokera kuchigayo. Koma wochokera kuchigayo saima malo amodzi nthawi yonse ija.

Kanyali komaliza anakaika pachiundo cha chitseko chake. Atapisa m'thumba kuti abweze machesi, anapeza bokosi mulibe kanthu, ngakhale anali atagula lodzaza m'mawa momwemo.

Enelesi anali pa mbaula akuphika nyemba, mwana ali kumsana. Anaona mzere wa timoto ukukwera mpaka kumtunda ndipo anaseka.

"Bambo a Lonjezo, mwatsegula bwalo la ndege? Ikutera ndi ya nthawi yanji, ndiwonjezere ndiwo?"

Yotamu sanaseke. Anasesa pabalaza, anayala mphasa, anamuuza kuti amupukute mwana kumaso ndi kumuveka kadiresi koyera. Enelesi atamva amene akuyembekezeka, kuseka kunamuthera. Anati akufa sitiwaitana, iwo ndiwo amabwera kutulo akafuna. Anati kwawo ku Thyolo munthu akataya mankhwala pa mphambano sayatsa moto wolondolera. Yotamu anamuuza kuti chitseko chikhale chotsegula, ndipo anakhala pansi moyang'ana kunjira.

Anthu anali asanadye. Ana ankamvekabe akusewera chipako chakuchigayo, wailesi ya mabatire ikuimba penapake. Kenako kanyali ka pamwamba penipeni kanazima.

Nyumba yoyamba ija inali ya a Chapotera, mkulu wa mpingo, munthu amene ngakhale mbuzi ikadya chimanga chake ankaipepesa. Munamveka mbale ikusweka pakhoma, ndi mawu a Chapoterawo akutchula amake a mkazi wawo mwa njira imene sitinganene pano. Kanyali ka pakhomo pawo kanazima, kotsatira kanazimanso. Ana a chipako anangoti zii, wailesi inaleka. Pa kagolosale abale awiri aja anayamba kukumbutsana za munda wa bambo awo, mabotolo akugwa pashelefu. Mdima unkatsika njirayo pang'onopang'ono, ngati ng'ombe zobwerera kukhola, ndipo nyumba iliyonse imene unafikapo inkaphulika. Mayi wina wofatsa ankamenya mwana wake akulira yekha. Nkhalamba ina inatulutsa katundu wa mkamwini panja.

Pansi pa phokoso limenelo panali lina. Poyamba Yotamu anayesa ndi masamba ouma. Anali mapazi, ambiri, opanda nsapato, osafulumira. Munali kunong'onezana m'chinenero cha kumtunda kuja, zibangili zikulira, zitseko zolemera zikumenyetsedwa kumene kulibe zitseko zotero. Anamva chifuwa cha nkhalamba yamwamuna, ndipo anachizindikira, pakuti chinali cha bambo ake a Hasmukh amene anamwalira, mtembo wawo n'kuwotchedwa mwa mwambo wawo, Yotamu ali kamnyamata. Fungo la mafuta opserera linadzaza pakhomo. Zonse zimene Nangondo anatula pa mphambano zaka zonse zija zinali zisanapite kulikonse. Zinkangodikira wozionetsa njira.

"Amayi anu sanandikondepo."

Anali Enelesi, ataimirira pakati pa nyumba, mawu ake osalala ngati a munthu wina. Anati ankamuwerengera makala, ankamunena kwa anzawo kuti sadziwa kukolera ndiwo. Anati mwana wamoyo bambo wake sanamunyamulepo, koma akufa akuwayalira mphasa. Yotamu anamuyankha kuti amake anadwala m'nyumba momwemo mpongozi ali pa bawo ya miseche, kuti bola akanafa Enelesiyo. Mawu amenewo sanadziwe kuti anali nawo. Anazindikira kuti waimirira, ndipo m'dzanja lake muli chitsulo chotokosera mbaula.

Lonjezo, amene ankalira chiyambire kusweka kwa mbale, analeka mwadzidzidzi. Maso anali tong'o, atayang'ana pakhomo pamwamba pa phewa la amake.

Enelesi anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anamasula mwana, namukhudza pachifuwa.

"Wazizira," anatero chonong'ona. "Bambo a Lonjezo, si ine ndimalankhula. Zimitsani nyali ija."

Chitsulo chinagwa pansi. Yotamu anayang'ana panja. Tinyali totsala tinali ta pabwalo pake pokha, ndipo kuseri kwake mdima unali wothithikana ngati anthu pamaliro, ukupuma.

"Amayi ali m'njira," anatero.

"Ndapota nanu."

"Adutse kaye amayi. Akangolowa ndizimitsa."

Ndipo anawamvadi. Pakati pa mapazi opanda nsapato aja panali silipasi imodzi yokhwekhwereza, ya munthu wokoka mwendo wamanzere, yofulumira ngati ya wochedwa kuntchito. Inkachokera kumbuyo, ikupyola pakati pa zinazo. Inafika pamalire a kuwala. Yotamu anaona m'mphepete mwa chitenje, ndi zidendene zong'aluka zomatira dothi lofiira. Kumtunda kwake kuwala sikunafikeko, koma pamutu panali kanthu kozungulira, konga mbale. Yotamu anatenga mwana m'manja mwa Enelesi, nasendera pakhomo, napatuka kuti mlendo alowe.

Zidendene zija zinatembenuka. Zinaloza kunyumba, zala zinaloza kumdima. Munthuyo anaima pakati pa khomo ndi zinthu zija atafulatira mwana wake. Anawerama monga ankaweramira potola zogwa pansi m'khitchini mwa eni, ndipo panamveka kamluzu kotsika, konga koitanira nkhuku. Kunong'onezana kunachepa. Silipasi inayenda pang'ono kulowera kumtunda, n'kuima, kudikira. Mapazi ena anatsatira, koma ambiri anatsala akupondaponda pabwalo, akukankhana kuyandikira chitseko. Tinyali ta pabwalo tinazima kamodzikamodzi. Kanatsala ka pachiundo, lawi lake litagona chagada kuloza m'nyumba.

Silipasi inabwerera, kamluzu kanamvekanso, tsopano kotopa, kopumira m'mwamba. Yotamu anakudziwa kutopa kumeneko. Amake ankafika nako kunyumba madzulo alionse. Anazindikira kuti malinga ngati nyali ili pakhomo, zinthuzo sizichoka, ndipo amake akhala akubwerera mpaka mphamvu zitawathera. Anazindikiranso kuti ikazima, iwo sadzaionanso njira ya kunyumba kwawo.

Mwana anali ngati mwala wa mumtsinje pachifuwa pake. Anagwada, nafinya lawi ndi zala.

Mdima unagwa wonse. Mpweya wozizira unamukhudza kumaso, kanthu kanamupumira pafupi ndi khutu, kakununkha mafuta akale. Kenako silipasi inayamba ulendo, ndipo kumbuyo kwake mapazi anayamba kutembenuka, gulu ndi gulu, monyinyirika.

Yotamu anaimirira pakhomo. Zonse zimene anakonza kunena zinamukwera nthawi imodzi: kuti lole inafa, kuti sanadziwe, kuti mwana ndi wamkazi, ali ndi mphuno yawo. Anakoka mpweya. Enelesi anamugwira mkono, zala zikumulowa m'mnofu.

"Mukawaitana acheuka," ananong'ona. "Ndi mayi anu, sangalephere. Akacheuka iwo, zicheuka zonse."

Silipasi inali isanapite patali. Liwu limodzi lokha likanawafika. Inachedwetsanso mayendedwe pafupi ndi mpanda, ngati munthu woyembekezera kumva dzina lake. Yotamu analuma mlomo mpaka analawa magazi. Anakweza mwana m'mwamba ndi manja awiri, mumdima, kuonetsa msana umene sukanamuona, nakhala chomwecho. Silipasi inadikira. Kenako inapitiriza.

Anaimva ikudutsa pa kagolosale, ndipo abale aja analeka. Inadutsa kwa a Chapotera, kumene kunatsala kulira kwa mwamuna wamkulu ndi tsache likusesa zidutswa za mbale. Inakwerabe, ikuchepa, mpaka sanathe kusiyanitsa ndi kugunda kwa m'makutu mwake. Pamenepo Lonjezo anatsamwa, anakhosomola, nalira kulira kwa njala. Enelesi anamulanda, nakhala pansi, namuika kubere. Nyemba zinali zitapserera. Chitseko anatseka ndi Yotamu mwini.

M'mawa mwake dalaivala wa bwana Hasmukh anafika ndi kabokosi ka maswiti achimwenye okutidwa ndi pepala lonyezimira. Anati dona akuthokoza kwambiri. Mbale aipeza pageti, yotsukidwa, yovundikiridwa pamalo pake penipeni, ndipo m'nyumba mwadzuka bata lotere kuti bwana ndi akazi awo amwera tiyi limodzi. Anati ati Yotamu ali ndi dzanja labwino ngati amake, chaka chamawa adzapitenso.

Yotamu sanalandire bokosilo. Anayang'ana zala zake ziwiri zimene zinali ndi matuza.

"Mukawauze kuti chaka chamawa akanyamule okha, ngakhale chokwawa," anatero. "Amayi anga apume."